Fani Isasenze Paipi

M'mafakitale, m'zipatala, m'makhitchini akuluakulu ndi m'nyumba zosanjikizana, mpweya suyenda wokha. Pamakhala fani yoti iukoke kapena kuukankha, ndi mapaipi a malata oti audutsitse kuchoka chipinda china kupita china, kapena kukautaya kunja. Pamene paipi imakumana ndi fani ndi kamalo kochepa, kosakwana ngakhale theka la mita, koma madandaulo ambiri okhudza makina otere amachokera pomwepo: phokoso losatha m'zipinda za pafupi, ma bearing otha msanga, mpweya wochepa poyerekeza ndi umene unalembedwa pa pulani. Mukalondola bwino, nthawi zambiri mumapeza kuti mmisiri anaona mlomo wa fani uli ndi mabowo a mabawuti, ukuoneka wolimba, n'kuganiza kuti ungagwirizize paipi. Chopachikira chimodzi n'kuchisiya.

Timabuku ta malangizo timene opanga mafani amaika m'bokosi timabwereza mfundo imodzi: paipi ikhale ndi zochirikiza zakezake. Fani iime payokha, paipi ilendewere payokha, ndipo cholumikizira cha pakati pake chisanyamule china chilichonse kupatula mpweya. Kunena n'kosavuta. Chimene chimasokoneza n'chakuti zokanikiza fani si kulemera kwa malata kokha, ndipo zina mwa izo sizioneka mpaka makina atayatsidwa.

Kulemera kumene anthu amakupeputsa

Chidutswa cha paipi mukachinyamula awiri pansi sichimveka cholemera kwenikweni. Koma lata lachitsulo lochindikala milimita imodzi limalemera makilogalamu pafupifupi 7.85 pa sikweya mita. Paipi ya makona anayi ya mamilimita 1000 kwa 600 imadya masikweya mita 3.2 a lata pa mita iliyonse ya kutalika kwake, ndiye kuti makilogalamu 25. Onjezanipo ma flange (mikombero yomangirapo mabawuti) a m'mfundo, zitsulo zolimbitsa m'mbali ndi chofunda chotchinga kutentha, mupezeka mwafika pa 30 kapena kupitirira. Ngati chopachikira choyamba chili mamita atatu kuchokera pa fani, pafupifupi theka la kulemera kwa chigawo chimenecho limatsamira pa mlomo wa fani. Amenewo ndi makilogalamu 40 kapena kuposa, usana ndi usiku, zaka zonse.

Komanso zida zolemera kwambiri pa mzere wonse zimakonda kukhala pafupi ndi fani: sailensa yochepetsa phokoso, damper (chotsekera ndi kutsegulira mpweya), chigongono (pokhotera paipi) choyamba, chidutswa chosinthira kukula kwa paipi. Sailensa yaikulu ikhoza kulemera kuposa fani yeniyeniyo. Mapaipi okoka fumbi ali ndi vuto lawo lowonjezera, poti fumbi limakhazikika mkati liwiro la mpweya likachepa, n'chifukwa chake miyezo ina imalamula kuti zopachikira ziwerengeredwe ngati paipi yadzaza theka.

Thupi la fani ndi lata lopindidwa ndi kuwotcherera. Linapangidwa kuti lisunge mpweya ndi kuulondolera, osati kusenza katundu. Mkati mwake, mpata wa pakati pa gudumu la mapiko ndi khomo lolowera mpweya ndi wa mamilimita ochepa chabe, ndipo anauchepetsa dala, chifukwa mpata ukakula mpweya umabwerera m'mbuyo, mphamvu ya mota n'kumapita pachabe. Pa mafani a axial, aja mpweya umalowa mbali ina n'kutulukira inayo molunjika, nsonga za mapiko zimadutsa pafupi kwambiri ndi khoma la thupilo. Thupi likangophwatalala pang'ono chifukwa cha katundu wa paipi, mapiko amayamba kukhula. Mukazimitsa n'kuwunika mkati ndi tochi, mumaona kamzere konyezimira mbali imodzi pomwe penti yachoka. Kumalo kumene mpweya uli ndi fumbi loyaka kapena nthunzi ya mankhwala oyaka, kukhula kotereku kumatha kuthetheka moto.

Ma bearing nawo amalipira. Pa mafani ambiri a centrifugal, aja mpweya umalowera pakati pa gudumu n'kutulukira cham'mbali, zokhazikapo ma bearing zimamangidwa pa thupi lomwelo kapena pa felemu yolumikizana nalo. Thupi likapotoka, shafuti imachoka pa mzere, mapule awiri sayang'anananso bwino, lamba amadyeka mbali imodzi. Ndipo bearing ya timipira simakhululuka: katundu wake akawirikiza kawiri, moyo wake wowerengeredwa umatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Apa m'pamene anthu amataya ndalama zambiri. Amasintha bearing, amathira girisi, amadandaula kuti zipangizo za masiku ano n'zachinyengo, miyezi ingapo bearing yatsopano ija n'kuyambanso kulira. Palibe amene amakweza maso kuona kuti paipi ya pamwamba yakhalira fani.

Masipuling'i ndi chinsalu

Fani iliyonse imanjenjemera, ngakhale gudumu lake litalinganizidwa bwino chotani. Mota ya mapolo anayi pa magetsi a 50 Hz imazungulira maulendo pafupifupi 1450 pa mphindi, ndiye kuti ka 24 pa sekondi, ndipo kunjenjemera kumeneku kukalowa m'konkire kapena m'zitsulo za denga kumayenda mtunda wautali. N'chifukwa chake fani imakhazikidwa pa masipuling'i kapena pa timiyendo ta labala. Sipuling'i yomwe imatsika mamilimita 25 ikalandira katundu wake imadzigwedezekera yokha katatu pa sekondi, pang'onopang'ono kwambiri poyerekeza ndi ka 24 ka fani, ndipo kusiyana kwakukuluko ndiko kumameza kunjenjemera. Pa pepala, magawo pafupifupi 98 pa 100 aliwonse safika pansi.

Masipuling'iwa amasankhidwa potengera kulemera kwa fani ndi mota basi. Tiyerekeze fani ya makilogalamu 200 pa masipuling'i anayi. Iliyonse yanyamula 50, yatsika mamilimita 25, kutanthauza kuti makilogalamu awiri alionse owonjezera amaitsitsa milimita imodzi. Tsopano ikanipo makilogalamu 40 a paipi aja. Onse agwera mbali imodzi, pa masipuling'i awiri, 20 iliyonse, ndipo mbali imeneyo itsika mamilimita 10. Popeza mlomo wa fani nthawi zambiri umatulukira kunja kwa miyendo, kupendekeka kumakula kuposa apo, masipuling'i a kumbuyo n'kumapepukidwa. Katundu akachuluka ndithu, waya wa sipuling'i umagundana wokhawokha, ndipo sipuling'i yotere sisiyana ndi chitsulo wamba.

Koma kupendekeka si vuto lalikulu. Lalikulu n'lakuti paipi yomangidwa ndi mabawuti pa fani imakhala njira ina yodutsamo kunjenjemera. Masipuling'i angakhale abwino chotani, kunjenjemera sikudzera pa iwo; kumalowa m'malata a paipi, kumakwera zopachikira, kumafika m'denga. Malata a paipi ya makona anayi ndi athyathyathya ndi opyapyala, ndiye amalira mosavuta. Mdidi umene umamveka m'chipinda chakutali ndi fani, uja anthu amati ukuchokera m'khoma, kawirikawiri umayenda njira imeneyi.

Chodula njira imeneyi ndi chinsalu cholumikizira, chomwe amisiri ambiri amangoti kanivasi, ngakhale masiku ano chimakhala cha ulusi wa galasi kapena wa poliyesita wokutidwa ndi neoprene, PVC kapena silikoni. Chimagulitsidwa pa mpukutu, nsalu pakati, timizere ta lata mbali zonse ziwiri. Chofala kwambiri chimakhala ndi mamilimita 75 a lata, 75 a nsalu, 75 a lata, ndipo chilipo china cha nsalu ya mamilimita 150. Muyezo wa ku America woteteza moto, NFPA 90A, sulola kuti nsaluyo ipitirire mamilimita 254 m'litali motsatira mpweya. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kulola fani kugwedezeka pang'ono paipi ili chete, mpweya osathawa.

Chinsaluchi chimagwira ntchito chikakhala chofewa. Chikakokedwa n'kuuma ngati chikopa cha ng'oma, chimadutsitsa kunjenjemera mofanana ndi lata, kenako chimang'ambika m'makona. Choncho mpata wa pakati pa fani ndi paipi uyenera kuchepa pang'ono poyerekeza ndi kutalika kwa nsalu, kuti mukaidina ndi chala ilowe n'kubwerera. Milomo iwiriyo iyang'anane ndendende, mpata ukhale wofanana mbali zonse zinayi. Muyeze ndi tepi pa kona iliyonse. Ngati pamwamba pali mamilimita 70, pansi 40, china mwa ziwirizi chapendekeka, ndipo chofunika kukonza ndicho chimenecho, osati nsalu.

Cholakwa chofala kwambiri apa ndi kugwiritsa ntchito chinsalu ngati chobisira zolakwa. Paipi yabwera mamilimita 50 m'mbali mwa pomwe inayenera kufika, nthawi yatha, mmisiri amakoka nsalu mopingasa n'kumanga. Kunja zimaoneka zolumikizana. Mkati, nsalu yopindikayo yatseka mbali ina ya njira ya mpweya, mbali ina yauma gwa, ndipo m'mphepete mwa lata mukuidya tsiku ndi tsiku. Ine ndimaona kuti kumasula zidutswa ziwiri za paipi n'kuzisuntha, kapena kupangitsa chidutswa chatsopano chokhota bwino, n'kotchipa kuposa kubwerera pamalopo katatu.

Mbali yolowera mpweya ili ndi khalidwe lake. Kumeneko puresha ndi yotsika kuposa ya kunja, ndiye nsalu imakokedwera mkati m'malo mofufuma. Ikalekerera kwambiri, imapanga mkombero wotchinga khomo, ndipo pa fani ya axial mkomberowu umamana mpweya nsonga za mapiko, pomwe ntchito yambiri ya faniyo imachitikira. Mpweya umachepa, phokoso limakula. Nsalu ya mbali imeneyi ikhale yaifupi, yolekerera pang'ono pokha, ndipo pakakhala malo ndi bwino kuika kachidutswa kowongoka ka paipi pakati pa nsalu ndi mapiko.

Mphamvu imene imabwera fani ikayaka

Nayi mbali imene ngakhale amisiri odziwa ntchito amaiphonya, chifukwa fani ikakhala yozima zonse zimaoneka zili bwino. Mukadula chitsulo pakati pa fani ndi paipi n'kuikapo nsalu, puresha ya mpweya imayamba kukankha ziwirizi. Kotulukira imazikankha kuti zitalikirane. Kolowera imazikoka kuti ziyandikirane. Kukula kwa mphamvuyo ndi puresha kuchulukitsa ndi kukula kwa khomo. Mlomo wa mamilimita 800 kwa 630 ndi pafupifupi theka la sikweya mita. Pa puresha ya 1000 Pa, mphamvu yake ndi 500 N, yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 50 akukankha cham'mbali. Pa fani yomwe ili pakati pa mapaipi awiri pa mzere umodzi, kukankha kwa kotulukira ndi kukoka kwa kolowera kumaloza mbali imodzi, motsutsana ndi kumene mpweya ukupita, ndiye zimaphatikizana.

Tengani fani ya makilogalamu 200 ija, koma ulendo uno yopachikidwa kudenga ndi ndodo zachitsulo zotalika mita imodzi. Makilogalamu 50 a m'mbali ndi gawo limodzi mwa anayi a kulemera kwake, ndipo popanda choiletsa ikhoza kusuntha masentimita oposa 20. Nsalu ya masentimita asanu ndi awiri ndi theka kapena khumi ndi asanu singalole zimenezo. Imakokedwa mpaka kuuma, ndipo kuyambira pamenepo ndiyo ikugwira fani. Mmisiri anaisiya yofewa bwino, koma fani ikangoyaka imalimba, ikazima imafewanso, ndiye woyendera ntchito akabwera makina ali ozima sapeza cholakwa.

Mankhwala ake ndi timasipuling'i togona, tiwiri, kamodzi mbali iliyonse ya nsalu, tomangidwa pa mzere wa pakati wa mlomo, tomwe timakana kukankhako koma osadutsitsa kunjenjemera. Mapulani ambiri amatilamula pamene kukankhako kwapitirira magawo 10 pa 100 a kulemera kwa fani. Mafani olemera okhala pansi pa chimwala cha konkire nthawi zambiri safuna zimenezi. Opepuka opachikidwa ndiwo amavuta. Ndipo musaiwale kuti mphamvu yomweyo ikukankhanso paipi. Ndodo ziwiri zolendewera zimanyamula kulemera koma sizikana kukankhidwa cham'mbali. Chochirikiza choyamba pafupi ndi fani chimafuna chitsulo chopingasa chomangidwa kudenga kapena kukhoma, kapena felemu yoima pansi, kuti paipi isathawe.

Chochirikiza choyamba chimenechi chikhale pafupi ndi nsalu momwe kungathekere, kumbali ya paipi, pa flange yoyamba kapena pambali pake penipeni. Chikakhala kutali, chidutswa chotsalacho chimalendewera ndipo mlomo wake umagwa pang'onopang'ono mpaka nsalu iyambe kuunyamula. Chimangidwe pa nyumba, osati pa felemu ya fani, chifukwa felemuyo ili pamwamba pa masipuling'i, ndipo chomangidwa pamenepo chimabweza katundu ndi kunjenjemera komwe timathawa. Kupitirira apo pali miyezo yodziwika. Bungwe la SMACNA la ku America, lomwe buku lake la kapangidwe ka mapaipi a mpweya limagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, limati paipi yogona ikhale ndi chochirikiza pasanathe mamilimita 610 kuchokera pa chigongono chilichonse, ndi pasanathe mamita 1.2 kuchokera pomwe nthambi yapatuka. Pa mapaipi a makona anayi, zopachikira sizitalikirana kupitirira mamita atatu, ndipo kwa akuluakulu zimayandikirana kuposa apo. Ku Britain amatsatira DW/144. Manambala amasiyana pang'ono, koma onse amagwirizana kuti zolemera ndi zokhota zichirikizidwe pomwe zili.

Paipi yaikulu ikhale pa chitsulo chogona pansi pake, chokolekedwa ndi ndodo ziwiri za mazinga, osati kulendewera pa masikuluu obowola lata m'mbali. Ndodo iliyonse ikhale ndi manati awiri othinana, chifukwa pafupi ndi fani nati imodzi imadzimasula yokha. Kumwamba, nangula (bawuti yozikika m'konkire) akhale woyenera kukokedwa molunjika pansi. Timapulagi ta pulasitiki topachikira mashelefu si malo ake pano. Ndipo musakoleke paipi ya mpweya pa mpope wa madzi, pa thireyi ya mawaya kapena pa zitsulo za siling'i. Zimenezo zinawerengeredwa katundu wawo wokha.

Chigongono pakamwa pa fani

Nkhani ya zochirikiza imakumana ndi ya kayendedwe ka mpweya pa chigongono choyamba. Manambala a mu katalogu ya fani amapezeka poiyesa mu labotale, motsatira miyezo monga AMCA 210 kapena ISO 5801, mpweya ukulowa ndi kutuluka mowongoka. Potuluka mu fani ya centrifugal, mpweya sudzaza mlomo mofanana. Wambiri umathamangira mbali ya kunja kwa thupi, ndipo umafuna mtunda kuti ufalikire. Buku la AMCA 201 limati mtunda umenewu ndi kukula kwa paipi m'mimba mwake (dayamita) kuchulukitsa ndi 2.5 ngati liwiro silipitirira mamita pafupifupi 12.7 pa sekondi, n'kuwonjezera kukula kumodzi pa mamita 5 pa sekondi alionse a liwiro loposera apo. Mlomo wathu wa 800 kwa 630 ukufanana ndi paipi yozungulira ya mamilimita pafupifupi 800, ndiye ukufuna mamita awiri owongoka.

Zipinda za makina nthawi zambiri zimakhala zothina, ndipo mamita awiriwo sapezeka. Chigongono chikakakamizika kukhala pafupi, chikhotere mbali imene gudumu likuzungulira, osati kutsutsana nayo, chikhale ndi timapiko tolondolera mpweya mkati, ndipo wosankha fani awerengeretu puresha yotayikayo. Chigongono chotere chimamenyedwa ndi mpweya wovunduka, chimagwedezeka kuposa mbali ina iliyonse ya paipi, ndiye chimafuna chochirikiza cholimba kuposa zinzake. Kolowera zinthu zimaipa kwambiri. Chigongono chogundana ndi khomo chimathira mpweya mbali imodzi ya gudumu kapena kuupota usanalowe, ndipo palibe chopachikira chimene chingakonze zimenezo. Ambiri akaona mpweya wachepa amathamangitsa fani posintha mapule, osadziwa kuti mphamvu imene mota imafuna imakwera mofulumira kwambiri: liwiro likakwera ndi magawo 10 pa 100, mphamvu imakwera ndi pafupifupi 33.

Kutentha kumabweretsa katundu wa mtundu wina. Chitsulo chimatalika mamilimita 0.012 pa mita iliyonse chikatentha ndi digiri imodzi. N'zochepa mpaka mutawerengera paipi ya mamita 20 yochokera ku uvuni, yomwe yatentha ndi madigiri 200: yatalika mamilimita 48. Ngati mbali yakutali ndi yomangidwa zolimba, mamilimita 48 onsewo akathera pa fani. Njira yake ndi kumanga paipi mosasunthika pafupi ndi fani, zochirikiza zinazo n'kuzipanga zoti paipi izitha kutsetsereka, ndi kuika mfundo yolandira kutalikako kutali. Mapaipi a pulasitiki a m'malabotale amatalika kwambiri kuposa apa, a PVC kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa chitsulo, a polypropylene kopitirira kakhumi, ndipo mafani ake a pulasitiki sapindika, amasweka.

Nsalu nayo ili ndi malire. Yokutidwa ndi neoprene imapirira madigiri pafupifupi 90, ya silikoni mpaka cha m'ma 260. M'mapaipi okoka utsi wa mafuta m'makhitchini, muyezo wa NFPA 96 umaletsa zolumikizira zofewa pa fani, chifukwa mafuta akayaka mkati nsalu ndiyo imayamba kubooka. Pamenepo fani ndi paipi zimamangidwa chitsulo kwa chitsulo, ndipo kuchirikiza paipi payokha kumakhala kofunika kuposa kwina kulikonse, poti palibe chofewa choti chilandire cholakwa. Ma flange awiriwo azigundana okha bwinobwino bawuti isanalowe. Ngati mukufunika kuthina mabawuti kuti muwakokere pamodzi, mphamvu yonse imene mukuika pa sipanala ikutsalira m'thupi la fani. Mafani otulutsa utsi nyumba ikamayaka, aja amayesedwa motsatira EN 12101-3 kuti apirire madigiri 300 kwa ola limodzi kapena 400 kwa maola awiri, amafuna kuti nsalu, zopachikira ndi anangula zipirire chimodzimodzi. Fani ikhoza kupitiriza kuzungulira m'moto, koma sizithandiza ngati paipi yake yagwa.

Paipi yoimirira imene fani ili pansi pake, kapena chumuni chokhala pamwamba pa mlomo wotulukira, ndi chiyeso chachikulu, chifukwa kukhazika pa fani kumaoneka ngati chinthu chachibadwa. Paipi yokwera ichirikizidwe ndi zitsulo za ngodya pa nsanjika iliyonse imene ikudutsa, ndipo chumuni chikhale ndi felemu yake. Padenga pamabweranso mphepo. Chumuni chachitali chikamawombedwa chimapotokola chilichonse chimene chili patsinde pake, ndiye chimafuna mawaya okoka mbali zitatu kapena zitsulo zochigwira. Nsalu ya panja imaphwanyika ndi dzuwa ndipo imasunga madzi a mvula m'makwinya ake. Kachivindikiro ka lata komangidwa mbali ya paipi yokha, kosakhudza fani, kamaitalikitsa moyo.

Timafani ting'onoting'ono ta m'bafa ndi m'chimbudzi, tija timabisika pamwamba pa siling'i, tili ndi vuto lomweli kuchokera mbali ina. Apa nthawi zambiri fani ndiyo imasiyidwa ikulendewera pa paipi yofewa ya waya, kapena paipiyo imalendewera pa kakhosi ka pulasitiki ka fani mpaka kuvuka. Fani imangidwe pa thabwa kapena pa bulaketi yake. Paipi yofewa ikokedwe yowongoka, ichirikizidwe ndi malamba otambalala osatalikirana kupitirira mamita 1.5, ndipo isagwe pakati kuposa mamilimita pafupifupi 40 pa mita. Pomwe yagwa kwambiri, nthunzi ya m'bafa imasanduka madzi n'kudikha, kulemera kumawonjezeka, paipi imagwa koposa, mpaka tsiku lina banga limaoneka pa siling'i.

Zambiri mwa zolakwa zimenezi zimapeweka ndi dongosolo la kagwiridwe ka ntchito. Fani iyambe kukhazikidwa, ili ndi mota, malamba ndi zotchingira zake zonse. Mabawuti kapena timatabwa tomwe opanga anatsekera masipuling'i paulendo tichotsedwe, fani ikhale pa msinkhu wake weniweni, levulo itsimikize. Kenako paipi ipachikidwe n'kusinthidwa ndi manati a zopachikira mpaka mlomo wake uyang'anane ndi wa fani popanda munthu kuigwira. Nsalu ibwere pomaliza. Mukasintha dongosololi, n'kumanga nsalu masipuling'i akadali otsekedwa, tsiku lowamasula msinkhu wa fani ukhoza kusintha ndipo nsalu imatsala yopingasa.

Pali kuyesa kosavuta komwe sikufuna chipangizo chodula. Fani ili yozima ndipo swichi yake yakhomedwa ndi loko, masulani nsalu mbali imodzi, muone ngati china chasuntha. Paipi ikatsika, inali kukhalira fani. Fani ikakwera, masipuling'i ake anali atasenza za eni. Kuyesaku kumayankhanso funso la tsiku limene fani idzafunike kuchotsedwa kuti ikakonzedwe: kodi paipi idzatsala pomwepo, kapena padzafunika anthu ndi zingwe kuti aigwirizize? Mangani nsaluyo, yatsani fani, muiyang'ane ikamanyamuka ndi ikafika pa liwiro lake. Nsalu ifufume koma isaume. Ikani dzanja pa thupi la fani, kutali ndi malamba, kenako pa paipi kuseri kwa nsalu. Kusiyana kuyenera kumveka bwinobwino.

Ngati kusiyanako kulibe, funafunani chimene chalumpha nsaluyo. Nthawi zambiri sichikhala cha mmisiri wa mapaipi. Wokutira chofunda anadutsitsa lata lake kuchoka pa paipi kufika pa fani kuti pazioneka bwino. Wamagetsi anabweretsa kondyuwiti yachitsulo yolimba kuchokera kukhoma mpaka pa mota, m'malo momaliza ndi yofewa, yolekerera. Wina anamanga mpope wotayira madzi pa thupi la fani ndi pansi. Wopenta anapaka nsalu penti, ikauma n'kukhala gwa. Kupatula timasipuling'i togona tija, chimodzi chokha n'chimene chiyenera kudutsa pamwamba pa nsalu: waya wa ethi wolumikiza fani ndi paipi, chifukwa nsalu sidutsitsa magetsi, ndipo m'mapaipi a fumbi magetsi odziunjika okha amafuna njira yothawira. Waya ameneyu akhale woluka, wofewa, wotalika kuposa mpata umene akudutsa.

Pakatha miyezi ingapo makina akugwira ntchito, bwererani ndi tepi mukayezenso mpata wa makona anayi aja ndi msinkhu wa masipuling'i, muyerekeze ndi manambala amene munalemba tsiku lopereka ntchito. Timiyendo ta labala timaphwa pang'ono pakapita nthawi, manati amasuntha, ndipo kusintha kwa mamilimita asanu kumakonzeka ndi sipanala pa chopachikira choyamba chija.